Manyowa Ogwa Kumwamba

Apongozi anga aamuna, bambo Ammon Shirk, ndi munthu amene sataya kanthu. Msomali ukapindika amauwongola pa mwala n'kuuponya m'chitini. Zingwe zomangira udzu wa ng'ombe sadula ndi mpeni, amamasula mfundo imodziimodzi n'kuzikulunga, moti mpira wake unakula ngati dzungu. Makoko a mazira amasinja n'kubwezera nkhuku zomwezo. Nditangolowa m'banja lino ndinataya makoko a mbatata m'ndowa ya zinyalala. Sanandikalipire. Anangowerama n'kuwatola onse, ine ndikuona, n'kupita nawo ku nkhumba. Kuchokera tsiku limenelo sindinkatha kuwayang'ana kumaso.

Ine manyazi ndinabadwa nawo. Kusukulu aphunzitsi akandiloza, mawu ankandithawa ngakhale yankho ndikulidziwa. Choncho pakati pa ine ndi apongozi anga panalibe zambiri, koma "inde bambo" ndi "chakudya chapsa bambo".

Iwo anabwera kuno ku Kentucky kuchokera ku Pennsylvania ana awo ali aang'ono, malo olima atachepa kwawoko. Munda umene anaupeza unali woguga, dothi lofiira lolimba ngati njerwa. Anaudyetsa ndi manja awo: ndowe za mahatchi, utuchi, masamba, phulusa, chilichonse chimene chingavunde. Lero ukafukula ndi chala umapeza nyongolotsi. Akazi awo, mayi Mattie, anamwalira ine ndisanabwere, ndipo madiresi awo onse anasokedwa kukhala zofunda zimene timafunda mpaka pano. Mwamuna wanga Phares ndiye mwana wawo wotsiriza, ndiye munda unagwera iye monga timachitira kwathu kuno, bambo n'kusamukira m'kanyumba kogundizana ndi yathu. Koma pa nkhani ya dothi, mawu omaliza anali a bambo.

Kuseri kwa khola kuli kankhalango ka mikungudza. Chaka chimene ndinakwatiwa, mbalame zakuda zija, masitalingi, zinasankha kumagona mmenemo nyengo ya chisanu, ndipo chaka chilichonse zinkabweranso zitachuluka. Dzuwa likapendeka zimayamba kutulukira pang'onopang'ono, kagulu kuchokera m'minda yokololedwa, kagulu kuchokera ku makola a ng'ombe kutsidya kwa msewu. Sudziwa kuti zakumana nthawi yanji, umangoona kumwamba kwada bii. Sizitera msanga. Zimatambasuka ngati chofunda chimene akazi awiri akuchikung'untha, n'kupindika, n'kufinyikana kukhala chimpira chakuda. Kabawi akalowa pakati zimamutsegulira dzenje n'kulitsekanso iye atadutsa wopanda kanthu. Zikatembenuka zonse pamodzi pamamveka kuti wuu, ngati mphepo ikudutsa m'mapesi ouma. Palibe imene imagunda inzake. Ndakhala ndikuyang'anitsitsa kuti ndione imene imatsogolera, sindinaipezebe. Kenako mwadzidzidzi zimakhuthukira m'mitengo ngati tirigu wotsanulidwa m'thumba, phokoso lake n'kumamveka m'khitchini zitseko zili zotseka.

Anansi athu ankadana nazo. Zimadya chakudya cha ng'ombe, zimadetsa zochapa pa chingwe. Ena ankabwera madzulo kudzaomba matabwa ndi mapoto kuti zisamuke, koma zinkangodzuka n'kuteranso. Angelezi, anthu akunja kwa mpingo wathu aja, ankaimika magalimoto awo m'mbali mwa msewu n'kumajambula. Bambo Ammon okha sankaomba kanthu. Madzulo aliwonse ankaima pa mpanda, manja kumbuyo, mpaka mbalame yomaliza italowa. Ine ndinkati mumtima, nkhalamba iyi ili ndi pofewa pake, imakonda kuona zokongola.

Amene anandichotsa maganizo amenewo ndi azakhali a Fronie, mlongo wawo wamkulu wa bambo. Sanakwatiwepo, ndipo ntchito yawo ndi kuyenda m'mabanja kuthandiza amayi amene angochira kumene. Mu Januwale ndinabereka mwana wathu wachiwiri, Elam, ndipo iwo anabwera kudzandigwirira ntchito za pakhomo, popeza kwathu kuno mayi akachira amakhala m'nyumba milungu ingapo, osapita kumunda ngakhale kutchalitchi. Tsiku lina anandipeza pa zenera ndikuyang'ana apongozi anga ali pa mpanda paja.

"Iwe Almeda, ukuganiza kuti akuyang'ana kumwamba ameneyo?" anatero azakhali. "Akuyang'ana zimene zikugwa."

Ndipo zinalidi choncho. Madzulo omwewo, titangodzutsa mitu pa pemphero, bambo anayamba.

"Pansi pa mikungudza paja pali zitosi zofika m'kakolo. Zaka zonsezi zangogona, zapsa bwinobwino. Mbalame zadya chimanga cha dera lonse lino n'kudzatitulira ife pakhomo. Kuzisiya pamenepo ndi tchimo."

"Tchimo ndi fungo lakelo," anatero azakhali. "Ukufuna tidye tomato wonunkha nthenga?"

Phares anaseka mpaka kutsamwa ndi mkate. "Azakhali, si bwino kodi? Tomato wake adzauluka yekha kupita kumsika, hatchi idzapumeko."

"Seka, mwana wa Ammon. Bambo akowa akanatha kukama udzudzu akanaukama."

Bambo sanaseke, koma ndinaona ndevu zawo zikugwedezeka. Nkhani inathera pomwepo. Nthawi yofesa mbande za tomato inali itayandikira, ndipo manyowa a chaka chimenecho anali atapezeka.

Manyowa onyowa ndi olemera, ndipo ngolo imatitimira. Aliyense wolima ndi mahatchi amadziwa zimenezo. Tsono bambo ndi Phares anadikira mpaka kunja kutauma, masiku a mphepo yozizira opanda mvula. Bambo msana umawavuta, ndiye anakhala pa ngolo atagwira zingwe za mahatchi, Phares n'kulowa ndi fosholo pansi pa nthambi. Ine ndinkaona zonse pa zenera la kuchipinda, Elam ali kubere. Fosholo ikalowa pansi, fumbi lotuwa linkakwera n'kutsekeredwa ndi nthambi, moti nthawi zina mwamuna wanga ndinkangomuona miyendo. Atatuta mulu wokwanira, anaulowetsa pang'onopang'ono mu shedi ya pulasitiki yofeseramo mbande, n'kuusefa pa sefa ya waya kuti nthenga ndi timitengo zitsale. Mbaula inali ikuyaka mkatimo, ndipo chitseko anatseka kuti kutentha kusatuluke.

Phares atabwera kudzadya anali mbuu kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndevu zonse zitatuwa. Mwana wathu woyamba, Saloma, anathawira kuseri kwa diresi la azakhali.

"Ababa asanduka agogo!"

"Usalowe nazo muno," anatero azakhali atatsekereza pakhomo ndi tsache. "Vulira pakhonde pomwepo. Muno muli khanda."

Anavula akuseka, akunjenjemera ndi kuzizira. Atamina, kansalu kanada. Bambo anali kumbuyo kwake atatapa manyowa osefawo m'dzanja, akuwafikisa ndi zala ngati ufa.

"Taona, Fronie. Unaonapo dothi lotere?"

"Ndidzaliona akadzandikwirira nalo. Kasambe."

Mbande anafesa. Sipanapite nthawi yaitali, Phares anadzuka mmawa wina akuti mutu ukuwawa ndipo mafupa onse aphwanyika. Anapitabe kukakama. Tsiku lotsatira anabwerera pakati pa bwalo, ndowa ili m'manja, n'kukhala pa sitepe. Kenako kunabwera kutentha thupi ndi chifuwa chouma chosatulutsa kanthu.

Azakhali anachita zonse zimene amadziwa. Anakazinga anyezi n'kumumanga pachifuwa ali wofunda. Anamuthowa, anamupaka mafuta, anamuphikira msuzi wa nkhuku, anamumwetsa uchi wosakaniza ndi viniga. Zofunda za mayi Mattie zinkanyowa ndi thukuta, tikasintha zina n'kunyowanso. Bambo ankalowa mmawa, kuima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja.

"Ndi chimfine ichi. Ine chinandigwirapo choposa apa, koma ng'ombe ndinakama tsiku lomwelo."

Iwo chibadwire sanagonepo m'chipatala. Dzino litawavuta analizula okha ndi pulayala m'khola. Kwa iwo thupi lili ngati munda, ukalipatsa nthawi ndi chakudya limabwerera lokha. Ndipo Phares, amene sanatsutsepo bambo ake, ankangoti, "Mawa ndidzuka, bambo," akupumira pakati pa mawu.

Mawa linkafika iye osadzuka. Ndinayamba kumvetsera kupuma kwake kuposa kwa khanda. Kunali kwafupifupi, ngati galu amene wathamanga. Ndikamupatsa Elam kuti amunyamule, ankamubweza msanga, akuti akumulemera pachifuwa. Kamwana kosafika ndi thumba la shuga lomwe. Anasiya nthabwala. Munthu amene ankaseka ngakhale ng'ombe itamuponda anangoti zii, maso ali kudenga.

Ndinamva azakhali akulankhula ndi bambo m'khitchini.

"Ammon, mwana uyu apite kwa dokotala."

"Tione kaye Lamulungu lipite."

"Lamulungu lapita kale limodzi. Ukudikira chiyani? Kapena ukufuna uyambe wawongola misomali ya bokosi?"

Kenako ndinamva chitseko chikutsekedwa. Bambo anali atatuluka. Mlongo wawo wakhala akuwalalatira kuyambira ali ana, ndiye mawu ake amangowadutsa ngati mphepo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kukamupatsa Phares madzi. Kuwala kwa dzuwa lolowa kunamugwera kumaso, ndipo ndinaona milomo yake. Sinali yofiira. Inali yotuwa mobiriwira, ngati ya munthu amene wadya mabulosi. Zikhadabo nazonso chimodzimodzi. Ndinamuitana, anandiyang'ana ngati akundiona patali.

Sindikumbukira kuti ndinavala nsapato kapena ayi. Ndinakulunga Elam m'shawelo n'kutuluka, koyamba chichirireni. Mbalame zinali zili pakati pa gule wawo, kumwamba konse kukupindika ndi kutambasuka, ndipo bambo anali pa mpanda paja, manja kumbuyo. Ndinaima pambali pawo. Phokoso la mapiko linali lalikulu moti ndinachita kukweza mawu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo pamaso pawo.

"Bambo, milomo ya mwana wanu yada."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndikuganiza kuti kanali koyamba kuti tionane maso.  Analowa m'nyumba, anaima pa bedi kanthawi kochepa, kenako ndinawaona akutsika ndi msewu wathu, akuthamanga mopendekera chifukwa cha msana, kulowera ku kanyumba ka foni kamene mabanja a mbali ino timagwiritsa ntchito, popeza mpingo wathu sulola foni m'nyumba. Foniyo anali asanaigwirepo. Anachita kuitana mnansi kuti awaimbire.

Anabwera ndi mayi Darlene, Mngelezi amene amatinyamula pa galimoto yake tikakhala ndi ulendo woti hatchi singafike. Mayiwo atangomuona Phares anagwira pakamwa.

"Mwamusunga mpaka afike chonchi? Anthu inu mudzandipha ndi mtima! Mugwireni uko, agogo. Iwe mwana, tenga khandalo ukwere kutsogolo. Zachipewazo zisiyeni!"

Kuchipatala cha m'tauni anamuveka chophimba kumaso chopatsa mpweya, anamujambula pachifuwa, n'kunena kuti ndi chibayo. Anamuika diripi. Ndinapuma, ndikuti poti matenda ali ndi dzina, ali ndi mankhwala. Bambo anabwerera kwathu ndi mayi Darlene, chifukwa ng'ombe sizidikira, ndiponso mbaula ya mu shedi ikazima mbande zimapsa ndi chisanu. Ine ndinatsala ndi Elam pa mpando wa pambali pa bedi.

Mankhwalawo sanagwire. Anasintha ena, osagwiranso. Thupi linkatenthabe, ndipo mpweya ankangouwonjezera. Anamusamutsira m'chipinda china chodzaza makina olira. Dokotala wake anali mayi wamfupi wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anandifunsa ngati Phares amasuta, ngati anayendapo kutali, ndiponso ntchito imene amagwira. Ndinati timalima tomato ndipo tili ndi ng'ombe zamkaka. Analemba. Mmawa wina anandikhazika pansi n'kundigwira dzanja.

"Mapapo ake akudzaza, ndipo sitikudziwa chimene chikuwadzaza. Tikufufuza, koma zotsatira zimatenga nthawi. Zikapitirira chonchi tidzamugoneka tulo kuti makina azimupumira. Kwanu kuli anthu oti abwere?"

Ndinamva bwino chimene amatanthauza. Ndinapita ku bafa, ndinatsegula mpopi kuti anthu asandimve. Ndinaganiza za Saloma amene amati bambo ake asanduka agogo, za Elam amene sadzadziwa ngakhale mawu awo. Ndinaganiza za diresi lakuda limene lili pansi m'bokosi langa. Pemphero silinkatuluka lathunthu, ndinkangoti Ambuye, Ambuye, basi.

Ndinatumiza uthenga, ndipo masana a tsiku lotsatira bambo Ammon anafika atavala jekete lawo la kutchalitchi. Anayenda m'khonde la chipatala ngati munthu woponda pa madzi oundana, dzanja limodzi lili m'kati mwa jekete. Atamuona mwana wawo ali ndi mapaipi aja, nkhope itatsala mafupa, anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anayandikira n'kutulutsa chimene anabisa. Chinali chitini chakale cha mapichesi, ndipo mkati mwake munali mbande za tomato, zobiriwira, zonenepa tsinde.

"Taona, mwana wanga," anatero. "Zamera zonse. Palibe ndi imodzi yomwe yakana. Zikudikira iwe kuti udzaziokere."

Phares anatsegula maso. Pansi pa chophimba chija ndinaona akuyesa kumwetulira.

Nthawi yomweyo dokotala uja analowa. Anaona chitinicho, ndipo ndikuganiza kuti anangofuna kuisangalatsa nkhalambayo.

"Mbande zokongola chonchi nyengo ino? Zanga kunyumba zimangokhala ngati ulusi. Mumazidyetsa chiyani, bambo?"

Apongozi anga salankhula ndi Angelezi kawirikawiri, koma wina akawafunsa za dothi amaiwala zonse. Anawongoka.

"Zitosi za mbalame, mayi. Tili ndi mikungudza imene masitalingi amagonamo chaka ndi chaka. Pansi pake pali manyowa oti simunawaonepo. Mwana wangayu ndiye anakumba, tinadikira aume bwinobwino. Anasefa yekha mu shedi. Mukanamuona potuluka, mbuu ngati wa kuchigayo."

Ndinaona nkhope ya dokotala ikusintha. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

"Anakumba ali ouma? N'kusefera m'nyumba yotseka?"

"Inde, kuti kutentha kusatuluke."

"Anaphimba mphuno ndi pakamwa?"

"Kuphimba chifukwa chiyani? Ndi dothi basi."

"Anayamba kudwala patapita nthawi yaitali bwanji?"

Bambo anandiyang'ana. Ndinati sipanathe milungu iwiri.

Dokotala anaitana namwino mokweza. Namwinoyo anabwera atavala magolovesi, analanda chitini m'manja mwa bambo, n'kuchitsekera m'thumba la pulasitiki ngati chinthu chakufa. Bambo anatsala manja ali m'malere.

Kenako dokotala anatifotokozera. Anati m'dothi limene zitosi za mbalame zaunjikana zaka zambiri mumamera kanthu konga nkhungu ya pa mkate, kosaoneka ndi maso. Dothilo likangokhala silivuta munthu. Koma ukalifukula lili louma, kamauluka ndi fumbi n'kukamera m'mapapo. Ambiri a dera lino anakapumapo pang'ono osadziwa. Choopsa ndi kukapuma kochuluka nthawi imodzi. Mankhwala a chibayo sakakhudza n'komwe, kali ndi mankhwala akeake.

"Nanga ine bwanji sindinadwale?" anafunsa bambo.

"Munali pati iye akukumba?"

"Pa ngolo. Ndimagwira mahatchi."

"Pamphepo. Ndiye chake."

Bambo anakhala pa mpando wanga osaupempha. Chipewa chinagwa pansi, osachitola.

"Ndiye kuti ndine," anatero m'chilankhulo chathu cha pakhomo, osati m'Chingelezi.

Dokotala sanamve mawuwo koma anaona. "Bambo, zolingalira mukalingalira kunyumba. Pano ndithandizeni. Ndani wina analowa mu shediyo? Ana?"

"Ayi. Kunali kozizira, ana sanatuluke. Ndimalowamo ine ndekha, kukathirira."

"Musalowenso wina aliyense. Mulu watsalawo, mbandezo, zonse, musazigwire zili zouma. Muzinyowetse kwambiri, muvale zophimba zimene ndikupatseni, muzikwirire. Ndipo pansi pa mitengoyo pasapondenso munthu."

"Mbande zonse?"

"Zonse."

Mankhwala atsopanowo anali achikasu, olowa pa diripi. Dokotala anandiuza mosabisa kuti ndi aukali, ndiponso kuti sakudziwa ngati tawapeza nthawi ikadalipo. Atangoyamba kulowa, Phares ananjenjemera mpaka bedi kulira, mano akugundana. Ndinamugwira mapazi, anali ozizira ngati miyala ya mumtsinje. Tsiku lotsatira sizinasinthe. Linalo anabweretsa makina opumira aja n'kuwaimika pakhomo, okonzeka. Ndinkayesetsa kusawayang'ana.

Zenera la chipindacho linaloza mbali ya kwathu. Madzulo ndinkaona timagulu ta mbalame zija tikudutsa pamwamba pa magalimoto, tikuthamangira ku mikungudza yathu. Ndinkadziwa kuti pa nthawi imeneyo kwathu kumwamba kwada, Angelezi aimika magalimoto, akuti taonani kukongola. Ndinkafuna kuzida, koma ngakhale mphamvu yodana ndi mbalame ndinalibe. Mkaka unayamba kuchepa m'mawere, Elam n'kumalira, namwino n'kumandikakamiza kudya.

Mmawa wina ndikusintha mwana thewera, ndinamva ngati wina akukanda chofunda. Phares anali atasuntha chophimba chija ndi chala. Pachipumi pake panali pouma. Ndinawerama kuti ndimve.

"Almeda," ananong'ona. "Tomato uja... wauluka?"

Ndinalira mokweza moti namwino anabwera akuthamanga. Makina aja anawachotsa pakhomo tsiku lotsatira.

Zimene zinachitika kwathu anandiuza ndi azakhali a Fronie atabwera kudzationa. Anati bambo atafika sanadye. Mmawa mwake anavala chophimba chija, n'kuyamba kutunga madzi ndi ndowa, msana womwewo, kuthira pa mulu mpaka unasanduka phala. Anakumba dzenje kumapeto kwa munda. Anansi anabwera kuti athandize, iwo anawabweza onse pa geti. Anakwirira mulu wonse. Anakwirira mbande zonse pamodzi ndi mabokosi ake, amene anakhoma okha ndi misomali yowongola. Anaponyamo sefa, matumba, jekete la Phares ndi chipewa chake.

"Ndi fosholo yomwe," anatero azakhali. "Fosholo yabwinobwino! Ndinati iwe Ammon, imeneyo ingotsuka. Anaiponyamo basi. Ndakhala naye moyo wanga wonse, sindinamuonepo akutaya ngakhale chingwe cha nsapato. Ndinachita mantha, mwana iwe. Ndinalowa m'nyumba kukamuphikira."

Anatinso atamaliza anatenga mpira wawo wa zingwe uja n'kuzunguliza nkhalango yonse ya mikungudza, mtengo ndi mtengo, mizere ingapo, mpaka mpira wonse unatha.

Phares anatuluka m'chipatala mbalame zitapita kale. Zimachoka zokha kukayamba kufunda, tsiku lina umangoona kumwamba kuli mbee. Anabwera buluku likumugwa m'chiuno. Mankhwala akumwabe, ndipo adzamwa miyezi. Kuchoka pakhonde kukafika ku khola amapumira panjira, atagwira mpanda. Dokotala akuti mwina mapapo adzabwerera mwakale, mwina adzatsala ndi zipsera, tidzaona. Chaka chino shedi ili gwa, tomato woyambirira tilibe. Amuna a mumpingo anabwera ndi mahatchi awo kudzatilimira, ndipo Phares anawaonerera atakhala pa mpando, akuwaseka kuti mizere yawo yakhota. Akaseka kwambiri chifuwa chimamugwira, ine mtima n'kuima.

Ena akuti mikungudzayo idulidwe chisanu chisanabwere. Ena akuti kudula n'kumene kudzadzutse fumbi. Sanagwirizanebe. Zingwe zija zikadali pomwepo, zayamba kutuwa ndi mvula, ndipo Saloma amadziwa kuti kumeneko sikupitidwa.

Bambo Ammon akalamba kwambiri miyezi imeneyi. Ntchito ya anthu awiri akuigwira okha, ndipo pa tebulo salankhulanso za dothi. Mwana wawo samufunsa kuti wadzuka bwanji, chifukwa amadziwa kuti ayankha kuti bwino ngakhale zisali bwino. Amafunsa ine. Mmawa uliwonse akamaliza kukama amaima pakhomo la khitchini, chipewa m'manja.

"Almeda, milomo yake ili bwanji lero?"

Ndimakhala nditaiyang'ana kale, kuwala kukangolowa pa zenera.

"Yofiira, bambo."

Amagwedeza mutu. Kenako amanyamula mbale ya makoko a mbatata imene ndawasungira pa sitepe, n'kupita nayo ku nkhumba.